Mwalimu Akaitanidwa Kunja, Ndani Amaganizira Mayi Wapakati?

Akuluakulu akale anati walira mvula walira matope. Mwambi umenewu ndi woyenera kuukumbukira pamene kalata yafika pakhomo pa mwalimu kapena shehe wachinyamata yomuitana kuti akaphunzitse dini kunja kwa dziko lino. Ku Area 25 mumzinda wa Lilongwe, monganso ku Kawale, Biwi ndi Chinsapo, nkhani yotere sichedwa kuwanda. Ikalengezedwa pambuyo pa swala ya Ijuma, dzuwa lisanalowe imakhala itafika kale pamsika wa Nsungwi, ndipo aliyense amati Alhamdulillah, mwana wathu wapeza mwayi. Abambo amasonkha kangachepe ka paulendo, anyamata amathandiza kulongedza mabuku m'makatoni, ndipo mashehe amamulangiza za kakhalidwe kake pakati pa jamaa yatsopano.

Koma m'nyumba momwemo mumakhala munthu wina amene ambiri samufunsa maganizo. Ameneyu ndi mkazi wa mwalimuyo. Kawirikawiri oitanidwa kunja amakhala anyamata ongomaliza kumene maphunziro, amenenso angomanga kumene nikah. Motero si zachilendo kuti ulendowo upeze mayi ali woyembekezera, mwinanso pathupi poyamba. Makolo athu sanalakwe kumutcha munthu wotere wapakati, chifukwa ali pakati pa moyo ndi imfa. Tsono taganizani, owerenga, munthu ameneyu kumuchotsa pakati pa abale ake n'kukamukhazika kumene ngakhale kupempha madzi akumwa sadziwa kuti angatani.

Dini inayenda ndi apaulendo

Kupita kutali chifukwa cha dini si chinthu cha lero. Chisilamu chinafika kuno ndi anthu oyenda. Jumbe woyamba, Salim bin Abdallah, anakhazikika ku Nkhotakota cha m'ma 1840 kuchokera kugombe la kum'mawa. Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda, amene anamwalira mu 1930, anakaphunzira ku Kilwa nabwera kudzaphunzitsa m'mbali mwa nyanja. Pambuyo pake agogo athu amene anapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu a ku Zimbabwe anamanga mizikiti ndi madrasa kumeneko, ndipo mpaka lero Asilamu ambiri a m'dzikolo mizu yawo ndi kuno ku Malawi.

Mbiri imeneyi imatchula maina a amuna. Amayi amene anaphika, kubereka ndi kulera ana kuchilendoko satchulidwa. Koma mbiri ya maswahaba sinawaiwale amayi otere.

Cha m'ma 615, mazunzo atakula ku Makka, Mtumiki Muhammad (SAW) analola ena mwa omutsatira kuti asamukire ku Habasha, kumene lero kuli maiko a Ethiopia ndi Eritrea. Mmodzi mwa iwo anali Asma bint Umays (RA) pamodzi ndi mwamuna wake Ja'far bin Abi Talib (RA). Mayi ameneyu anaoloka nyanja, nakakhala pakati pa anthu a chilankhulo china ndi chipembedzo china, ndipo kumeneko ndi kumene anaberekera ana ake aamuna atatu, Abdullah, Muhammad ndi Awn. Banjali linafika ku Madina mu 628, patatha zaka zoposa khumi. Asma winanso, mwana wa Abu Bakr (RA), anayenda ulendo wa makilomita oposa 400 kuchoka ku Makka ali wotopa kale, ndipo anakachirira ku Quba. Mwanayo, Abdullah bin Zubayr, ndiye woyamba kubadwa pakati pa osamukira ku Madina.

Pa nkhani ya zilankhulo, Mtumiki (SAW) analamula Zayd bin Thabit (RA) kuti aphunzire kalembedwe ka Ayuda, ndipo mnyamatayo anakadziwa m'masabata awiri okha. Choncho kuphunzira chilankhulo cha eni dziko si kutaya nthawi ya dini ayi. Ndi mbali ya ntchitoyo.

Pafupi koma patali

Maiko amene amwalimu athu amaitanidwako ndi monga South Africa, Zimbabwe, Zambia ndi Mozambique. M'maiko atatu oyambawo munthu wodziwa Chingerezi pang'ono amathandizika. Ku Mozambique nkhani ndi ina. Chilankhulo cha boma kumeneko ndi Chipwitikizi, ndipo chinakhalabe choncho dzikolo litalandira ufulu pa 25 June 1975.

Pamapu Mozambique ndi pakhomo pomwepa. Kuchoka ku Area 25 m'mawa, munthu amafika pachipata cha Dedza nthawi ya Zuhr isanakwane, ndipo akaoloka ali kale m'boma la Angónia m'chigawo cha Tete, kumene anthu amalankhula Chichewa chathu chomwechi. Wopita ku Niassa amadzera ku Mangochi ndi Namwera mpaka pa Chiponde, n'kulowa ku Mandimba, ndipo kuchoka apo kukafika ku Lichinga ndi makilomita pafupifupi 150. Ku Niassa anthu oposa theka ndi Asilamu, Chiyao chimamveka ponseponse, ndipo m'mbali mwa nyanja monga ku Metangula amalankhula Chinyanja.

Zimenezi ndi zimene zimapusitsa mabanja ambiri. Amati, kodi si kwathu komwe? Zoonadi pamsika ndi pamzikiti Chiyao ndi Chichewa zingathandize. Koma kuchipatala, kuofesi yoona za alendo ndi kusukulu, cholembedwa chilichonse chili m'Chipwitikizi. Namwino amene mungamupeze ku Lichinga mwina kwawo ndi ku Maputo, Beira kapena Nampula, ndipo Chiyao sachidziwa ngakhale liwu limodzi. Ku Cuamba ambiri amalankhula Chimakua, ndipo mumzinda wa Tete ndi Chinyungwe.

Tisaiwalenso kuti ife tinaona ndi maso athu tanthauzo la kukhala mlendo. Pa nthawi ya nkhondo ya ku Mozambique, imene inatha ndi pangano la ku Rome pa 4 October 1992, dziko lino linasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni m'maboma monga Nsanje, Ntcheu, Dedza ndi Mangochi. Amayi ambiri a kumeneko anachirira m'zipatala zathu. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mwalimu ali ndi Chiarabu, nanga mayi ali ndi chiyani?

Mwalimu akafika kuchilendo sachedwa kuzolowera. Azana ndi imodzimodzi, swala ndi imodzimodzi, ndipo Qur'an imene ana akuwerenga ndi yomweyo imene ankaphunzitsa ku Area 25. Kasanu pa tsiku amakumana ndi anthu, amamuitana kumaliro ndi kumaukwati, ndipo pakatha miyezi itatu amakhala akutola kale mawu a Chipwitikizi kwa ana a madrasa.

Mayi amatsala kunyumba. Anzake amene ankacheza nawo pampopi kulibe. Mayi ake, azakhali ndi alamu ake kulibe. Ndalama ndi meticali, ndipo pogula tomato sadziwa ngati amukweza mtengo. Ngati ndi ku Tete, kutentha kwa mwezi wa October ndi November kumaposa madigiri 40, chinthu chosautsa kwa munthu wapakati wozolowera mphepo ya ku Lilongwe. Ngati ndi ku Lichinga, kuzizira kwa June ndi July kumafuna mabulangete. Bambo akabwera madzulo ndi nkhani zambiri za kumzikiti, mayi alibe choti anene, chifukwa tsiku lonse sanalankhule ndi munthu.

Amuna ena amati palibe vuto, ine ndizimumasulira. Maganizo amenewa ndi abwino koma ndi operewera. M'zipatala zambiri za boma mwamuna saloledwa kulowa m'chipinda chochirira. Komanso matenda sasankha nthawi: angayambe mwalimu ali pa mimbari kapena atapita kumudzi wakutali kukaswalitsa maliro. Ndipo pali zinthu zina zimene mayi, chifukwa cha manyazi amene analeredwa nawo, sangazinene kudzera mwa mwamuna ngakhale wake yemwe. Pa ola limenelo chimene chingamuthandize, pambuyo pa Allah, ndi lilime lake lomwe.

Choncho tikunena mosabisa kuti m'banja lotere woyamba kuphunzira Chipwitikizi akhale mayi, ndipo mawu oyamba akhale a kuchipatala.

Mawu opulumutsa moyo

Chipwitikizi si chachilendo kwenikweni m'makutu mwathu. Tikamati nsapato, mbatata, kalata, chipewa, kapitawo ndi malinyero, tikulankhula mawu amene makolo athu anabwereka kwa Apwitikizi: sapato, batata, carta, chapéu, capitão ndi marinheiro. Kwa wodziwa Chiarabu kulinso mwayi wina. Asilamu analamulira mbali za Spain ndi Portugal kuyambira mu 711, ndipo ufumu wawo womaliza wa Granada unagwa mu 1492. Anasiya mawu ambiri, monga arroz, mpunga; açúcar, shuga; azeite, mafuta a azitona; ndi oxalá, liwu lochokera ku mawu a Chiarabu ofanana ndi Insha Allah.

Mayi woyembekezera aloweze pamtima mawu awa asanakwere basi:

Estou grávida: ndili ndi pakati.
Tenho dor: ndikumva kupweteka.
Dor de cabeça: mutu kupweteka.
Febre: kutentha thupi.
Sangue: magazi.
As águas rebentaram: nsupa yasweka.
O bebé não está a mexer: mwana sakugunda.
Não percebi, repita devagar: sindinamve, bwerezani pang'onopang'ono.

Mawu omalizawo ndi ofunika koposa. Ife Amalawi tili ndi chizolowezi chovomera ndi mutu pamaso pa wamkulu ngakhale sitinamve. Kuchipatala ulemu wotere ndi woopsa. Safunsa anadya phula.

Palinso msampha pa maina a masiku. Ife timawerenga kuyambira Lolemba, ndipo tsiku lachisanu ndi Lachisanu. Apwitikizi amayambira Lamulungu. Lolemba amalitcha segunda-feira, kutanthauza lachiwiri. Lachiwiri ndi terça-feira, lachitatu. Ndipo quinta-feira, lachisanu, ndi Lachinayi lathu. Mayi amene wangophunzira manambala akhoza kupita kusikelo tsiku litadutsa. Koma apa Msilamu ali ndi poyambira, chifukwa Chiarabu chimawerenga chimodzimodzi: Alhamisi, tsiku lachisanu m'Chiarabu, ndiye quinta-feira, ndipo tsiku la Ijuma ndi sexta-feira.

Njira yophunzirira si yovuta. Mawu asanu pa tsiku, olembedwa m'kope, akwana 150 pamwezi. Wailesi ya kumeneko izilira m'nyumba. Mayi azipita yekha kumsika m'malo motuma mwana. Ndipo apeze mnzake mmodzi pakati pa amayi a jamaa woti azisinthana naye: iye kumuphunzitsa kuwerenga Qur'an, mnzakeyo kumuphunzitsa Chipwitikizi.

Sikelo isadukize chifukwa cha ulendo

Kuyambira mu 2016 bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti mayi woyembekezera aonedwe ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu, ndipo ulendo woyamba ukhale mkati mwa masabata 12 oyambirira. Choncho mayi ayambe sikelo pachipatala cha Area 25 asananyamuke, osati kunena kuti ndikayambira komweko. Ayezedwe magazi, kuthamanga kwa magazi ndi kachilombo ka HIV, alandire katemera wa kafumbata, mapiritsi owonjezera magazi ndi neti.

Malungo ndi mdani wamkulu wa mayi wapakati: amachepetsa magazi, ndipo mwana amabadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane. Malawi ndilo dziko loyamba kukhazikitsa, mu 1993, ndondomeko yopereka mankhwala a SP, amene ambiri timawadziwa kuti Fansidar, kwa amayi oyembekezera. Amayamba pakati pakadutsa miyezi itatu, ndipo amaperekedwa kosachepera katatu motalikirana mwezi umodzi. Ku Mozambique amaperekanso mankhwala omwewa, motero mayi adziwe kuti wamwa kangati kuti akapitirize.

Buku la kusikelo la kuno limalembedwa m'Chingerezi. Ndi nzeru kupeza munthu woti alembe papepala m'Chipwitikizi zinthu zikuluzikulu: tsiku loyembekezera kuchira, gulu la magazi, ngati mayi anachitidwapo opaleshoni, ndi maina a mankhwala amene akumwa. Amene ali pa ma ARV atenge okwanira ndi kalata yowasamutsa, chifukwa kudukiza mankhwalawa kumaika mwana pachiswe. Sabata yoyamba atafika, mayi akalembetse ku consulta pré-natal, imene ndi sikelo ya kumeneko, ndipo banja lidziwiretu kumene kuli maternidade ndi munthu wa galimoto kapena njinga yamoto woti angadzutsidwe usiku.

Zizindikiro izi sizidikira kuti kuche: kutaya magazi, mutu waukulu ndi kuona zachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kukomoka, kutentha thupi, kusweka nsupa nthawi isanakwane, ndi mwana kusiya kugunda. Mayi ali ndi ufulu wopempha kuti amuone namwino wamkazi, koma ngati palibe ndipo moyo uli pangozi, Shariya imalola kuthandizidwa ndi dokotala wamwamuna. Pa Ramadhani, mayi wapakati kapena woyamwitsa amene akuopera moyo wake kapena wa mwana amaloledwa kumasula n'kudzabweza masikuwo pambuyo. Za fidya afunse mashehe. Asadzikakamize poopa kuti anthu anena chiyani za mkazi wa mwalimu.

Kuchirira kuno kapena komweko?

Funso limeneli banja likambirane msanga, pamodzi ndi makolo a mbali zonse. Pa mwambo wathu pathupi poyamba ndi pa amayi akuluakulu. Achewa ali ndi chisamba, Ayao ali ndi litiwo, ndipo cholinga chake ndi kumuuza mtsikana zimene akuyembekezera. Akachira amakhala m'chikuta, ena akumuphikira, kumutenthetsera madzi ndi kumusambitsira khanda. Kuchilendo zonsezi palibe pokhapokha zitakonzedwa.

Ngati kumene mwalimu watumizidwa kuli kutali ndi chipatala chochita opaleshoni, kapena achipatala anena kuti pakatipo pali ndi chiopsezo, palibe chamanyazi kuti mwamuna atsogole, mayi atsale kufikira atachira. Pachipatala cha Area 25 pali chidikiro, ndipo zipatala za Bwaila ndi Kamuzu Central zili mumzinda momwemo. Kupatukana kwa miyezi ingapo n'kopepuka poyerekeza ndi kutaya moyo. Koma ngati mayi abwerera kudzachirira kuno, anyamuke mwezi wachisanu ndi chitatu usanathe, osati kudikira masiku otsiriza n'kukachirira pachipata.

Ngati achirira komweko, mayi ake kapena mchemwali wake apite mwezi umodzi nthawi isanakwane, ndipo ndalama ya ulendowo isungidwe kuyambira pachiyambi. Ngati sizitheka, mwalimu apemphe akuluakulu a mzikiti kuti asankhe mayi mmodzi wachikulire woti akhale ngati kholo. Naye bambo avule ulemerero wa pa mimbari, atunge madzi, achape matewera ndi kuphika phala. Mtumiki (SAW) ankathandiza ntchito za pakhomo pake. Kumuchitira azana khanda, kulipatsa dzina, kulimeta ndi kuzinga mbuzi ya aqiqah pa tsiku lachisanu ndi chiwiri zichitike pamodzi ndi anansi, pakuti mwana ndiye amatsegula makomo amene ulaliki sunathe kutsegula.

Pa masiku a nifasi, amene nthawi zambiri amakwana 40, bambo akhale tcheru. Mayi akamangolira, osagona, osadya, osafuna kuyamwitsa kapena kunena zoti moyo watopa nawo, si kuchepa kwa imani ndipo si majini. Ndi matenda a nkhawa amene amagwira amayi ena akachira, makamaka osungulumwa, ndipo achipatala amathandiza.

Mapepala

Chidindo chimene munthu amalandira pachipata ndi cha mlendo wa masiku owerengeka. Wokakhazikika ku Mozambique amafunika chiphaso chotchedwa DIRE, ndipo chikhale cha onse awiri, osati bambo yekha. Mwana akabadwa alembetsedwe msanga ku Conservatória do Registo Civil, ndipo makolo aonetsetse kuti maina alembedwa monga alili m'mapasipoti awo, chifukwa kalembedwe ka Chipwitikizi kamasintha maina athu: Yusufu akhoza kusanduka Iussufo. Kusiyana kwa chilembo chimodzi kumadzavutitsa mwana pofuna chiphaso cha kuno. Ofesi ya kazembe wa Malawi ili ku Maputo.

Nanga kutsidya kwa nyanja?

Dziko likunka lichepa, ndipo ana athu ena khomo lidzawatsegukira kumaiko olankhula Chisipanishi. Muno mu Africa chilankhulochi ndi cha boma ku Equatorial Guinea. Ku Buenos Aires m'dziko la Argentina anatsegula likulu lalikulu la Chisilamu la King Fahd mu 2000, ndipo ku Granada mzikiti watsopano unatsegulidwa mu 2003, patatha zaka zoposa 500 chigwere ufumu wa Asilamu. Chisipanishi ndi Chipwitikizi ndi pachibale, ndipo wodziwa chimodzi sachedwa kutola chinzake: oxalá kumeneko ndi ojalá, açúcar ndi azúcar. Koma pachibale pamakhalanso kusiyana. M'Chisipanishi mayi wapakati ndi embarazada, pamene m'Chipwitikizi embaraçada ndi munthu amene wachita manyazi. Kumaiko akutali chonchi kulibe Chiyao kapena Chichewa chothawirako, ndiponso agogo sangakwere basi kukathandiza, choncho zonse tanenazi zimafunika kuwirikiza.

Udindo ndi wathu tonse

Mutu umodzi susenza denga. Komiti ya mzikiti imene ikutsanzikana ndi mwalimu ifunse mafunso awa kwa omuitanawo, ndipo mayankho alembedwe: nyumba ilipo? Malipiro ndi angati ndipo azibwera liti? Chipatala chili pamtunda wotani? Mayi akadwala alipira ndani? Zikavuta, ndalama yobwerera ichokera kuti? Kufunsa zimenezi si kuchepa kwa tawakkul. Ngamira timayamba taimanga, kenako n'kuyedzamira kwa Allah.

Amayi a jamaa ya ku Area 25 nawonso asathere pa kuperekeza. Masiku ano foni ilipo: agawane masiku oti azimuimbira mnzawoyo, amutumizire nsalu, ufa wa phala ndi zovala za khanda pakapezeka wopita. Ndipo inu amwalimu, musanavomere kalatayo, khalani pansi ndi akazi anu, muwafunse maganizo awo ndi kuswali istikhara limodzi. Anthu a kumene mukupitako adzamva ulaliki wanu tsiku la Ijuma lokha, koma momwe mukusamalira mayi wa kunyumba kwanu adzaziona tsiku lililonse.

Tikupempha Allah kuti awasunge onse amene ali kutali ndi kwawo chifukwa cha dini yake, awapepukitsire malilime awo, ndipo amayi onse oyembekezera awapatse kuchira kwabwino ndi ana olungama. Ameen.